Pogwirira pa Munthu

Padangokhala. Vomerani kuti tili tonse, koma amene wabwera kudzaseka asungiretu mano ake, poti ya leroyi ndi ina.

Kalelo, anthu ndi nyama akadamvana chiyankhulo, m'dziko la mfumu Mphalapala mudali Pusi wina wamkazi amene adali kapitawo wa akuba chimanga. Udindowu sadaupeze mwa chibale ayi, adaupeza ndi mutu. Mlonda amatha kukhala pa chilindo kuyambira m'mamawa, miyala ili pambali, maso ali tong'o, koma pofika madzulo n'kupeza kuti tsiku lonse walinda mapesi.

Nzeru yake yaikulu idali yoipa, ndipo ine sindimuikira kumbuyo. Pusiyu adali ndi khanda lamwamuna, la nkhope yofiirirabe. Akafika pamunda amaliika pansi kumalire, n'kulitsina pang'ono kuti lilire. Mlonda akamva kulirako amathamangira komweko kuti akagwire kapusi, ndiye kumbuyo kwake gulu lonse limakhamukira m'munda. Mlondayo akatsala pang'ono kufika, Pusi amatsika, n'kutsomphola mwana wake, uyo mumtengo. Adatero kasanu, kakhumi, osaphonya.

Apusi anzake amamuuza kuti, "Mayi, mwana sachita naye masewera otere."

Iye amangoseka. "Munthu ndimamudziwa ine. Amayamba wawerama kutola mwala, kenaka n'kuthamanga. Nthawi yotola mwalayo ndi yanga."

Tsoka silinunkha. Tsiku lina pa chilindo padakhala mayi wina dzina lake Nachisale. Kamwana katangolira, mayiyo sadatole mwala. Adadzambatuka ngati wina wamuitana dzina, nathamanga liwiro lomwe Pusi adali asanalionepo, ndipo Pusi asanafike pa nthambi ya m'munsi, mwana adali kale m'manja mwa munthu. Nachisale adamusasa fumbi, namuponya kumbuyo, namanga nsalu pachifuwa. Apusi adathyola chimanga mpaka kutopa, iye osacheuka, ulendo wa kumudzi.

Pusi adamutsatira m'mitengo mpaka pa mtengo womaliza. Ali pamenepo adayamba kuyimba. Nyimboyo idali yaifupi, ya mawu otsika, yomuitana mwana kuti amasule mfundo ya nsalu. Imamukumbutsa kuti mwana wa pusi sagona kumsana, amagona kumimba komwe mtima wa mayi umamveka, ndipo imathera podandaula kuti mawere adzadza, woyamwa palibe. Kamwanako katamva kadakuwa, kadatulutsa timanja m'nsalu n'kumatambasulira kumtengo. Nachisale adangokasisita, nalowa nako m'mudzi.

M'mawa mwake Pusi adakagwada pa bwalo la mfumu.

"Chalo, munthu wandilanda mwana. Ndipatseni asilikali."

Mphalapala adapukusa nyanga. "Asilikali anga ndi nyama, mayi, ndipo kumudziko nyama amaitcha ndiwo. Sinditumiza mbumba yanga mumphika chifukwa cha masewera ako."

"Ndiye ndingokhala?"

"Iwe si uja umati munthu umamudziwa? Cholengedwa chilichonse chili ndi pogwirira pake. Mbuzi amaigwira mwendo, nkhuku amaigwira mapiko. Peza pogwirira pa munthu, ukoke, mwanayo adzamutaya yekha. Funsa nduna zanga zomwe zidakumana naye."

Pusi adayambira kwa Nguluwe, nduna ya za minda, yemwe adali ndi chipsera cha mkondo pa ntchafu.

"Munthu?" adatero Nguluwe, kukamwa kuli tho ndi chinangwa. "Zosavuta. Munthu ndi mimba. Amadzuka chifukwa cha mimba, amawerama tsiku lonse ndi khasu chifukwa cha mimba, adandilasa ine apa chifukwa cha chinangwa chimodzi. Umuonetse chokoma, ataya chilichonse chili m'manja."

Pusi sadachedwe. Adakapeza Chiuli akufula njuchi, zisa ataunjika pambali.

"Achimwene, mukuvutikiranji ndi timadzi timeneti? Nsadzu akukusakani kuseri kwa chulu uko, akuti wapeza mng'oma wogwa, wodzadza mpaka kukamwa."

Chiuli pa uchi alibe nzeru. Adasiya zonse nathamanga, Pusi natola zisa zija. Adakazipachika pa mphanda ya mtengo m'njira ya kumunda, pamwamba poti munthu sangafike osakwera. Maganizo ake adali oti mkazi sakwera mtengo ndi mwana kumbuyo, amayamba wamutsitsa. Iye adabisala m'masamba, miyendo itakonzeka.

Nachisale adafika, naona uchi ukudontha panjira. Adayang'ana kumwamba. Adatola kamtengo katali, nagwetsa kachisa kamodzi kochepa. Sadalawe n'komwe. Adakhala pansi, nasunthira mwana kutsogolo nsalu ili chimangire, n'kumaviika chala mu uchi, kumamunyambititsa. Mwana atakhuta, adanyamuka. Zisa zinazo adasiyira nyerere.

Pusi mtima udamuwawa koposa tsiku loyamba, chifukwa adaona momwe mwana wake amagwirira chala cha munthu ndi manja onse awiri. Adayimbanso nyimbo ija, ya mfundo ya nsalu, ya kumimba komwe mtima umamveka, ya mawere odzadza. Kamwanako kadatembenuza mutu, kadalira pang'ono, koma manja sikadatulutse.

Adapita kwa Njati, mkulu wa asilikali.

"Nguluwe amaganiza ndi mimba, ndiye aliyense amamuona ngati mimba," adatero Njati. "Munthu ndi mantha. Ndani wina amamanga mpanda kuzungulira pogona pake? Alibe nyanga, alibe zikhadabo, khungu lake ngakhale munga umaboola. Mkondo amanyamula uja ndi mantha omwewo, adangowasula pamoto. Ine ndidangofwenthera kamodzi, mlenje adataya uta, adataya nkhwangwa, adataya ndi mnzake yemwe."

"Angataye mwana?"

"Mwana wa eni? Ataya asanayambe kuthamanga."

Pusi adapita kwa Nsato, yemwe adali atangofundula kumene, khungu lakale lili pakhomo.

"Agogo, chovala chakalechi chikukunyozetsani. Alendo aziti pano pamakhala auve. Bwerani nacho ndikakutayireni."

Nsato adathokoza ndithu, nati ana a masiku ano aulemu akadalipo. Pusi adalitenga khungulo, nalidzadza udzu wouma ndi mchenga, namanga luzi kumutu. Adali ataona kale kuti pa chitsime pokha ndi pomwe Nachisale amatsitsa mwana, kumugoneka pa nsalu, iye akamatsuka mtsuko. Adaibisa njoka yake m'maudzu pafupi ndi chitsimecho, luzi nakwera nalo mumtengo.

Akazi adafika anayi. Nachisale adayala nsalu, nagoneka mwana, nawerama ndi mtsuko wake. Pusi adakoka luzi pang'onopang'ono, ndipo chinsato chidatuluka m'maudzu, mutu uli patsogolo, kulunjika pa nsalu paja. Mkazi mmodzi adakuwa. Mitsuko idasweka, zikho zidamwazika, akazi atatu aja phazi thandize.

Nachisale nayenso adathamanga, koma adathamangira kunjoka. Adadziponya pakati, namufungatira mwana pansi pa chifuwa chake, msana napereka kwa nsato. Adatsinzina, n'kumadikira kuti imukulunge.

Manja a Pusi adaleka okha kukoka. Patapita nthawi mayiyo adatsegula maso, naona udzu ukutuluka m'kamwa mwa njoka. Adaona luzi, nalitsatira ndi maso mpaka pa nthambi.

"Ndinu mayi wake," adatero Nachisale.

"Ndine. Ndipatse mwana wanga."

"Sindikukana kuti ndi wanu. Ndimakumvani mukamayimba." Adamusisita mwana kumutu. "Mundibwereke, mayi. Mawere angawa akaphwa, ndidzabwera naye ndekha kumalire komwe ndinamutola."

"Aphwa liti?"

"Sindikudziwa. Mwina mwezi uno ukatha."

"Nanga angawa?" adafunsa Pusi, akudzimenya pachifuwa. "Angawa ndiyamwitse ndani?"

Nachisale adaweramitsa mutu, nabereka mwana, nauyamba wa kumudzi, mtsuko nausiya pomwepo. Pusi adayimba kachitatu, mawu akusasa. Ulendo uno kamwanako sikadacheuke. Kadali m'tulo, tizala titakola mkanda wa m'khosi mwa munthu.

Apa ndi pomwe ine ndimamumvera chisoni Pusi. Akadangodikira mwezi umodzi. Akuluakulu adanena kale kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma wabodza sakhulupirira mnzake. Iye amene sabata yomweyo adanamiza Chiuli, nanamiza Nsato, atamva mawu a mayi uja adangomvamo bodza longa lake. Adati mumtima, lero akuti mwezi, mawa adzati chaka, ndipo pofika pamenepo mwana wanga adzandithawa ngati chilombo.

Nduna zidatha. Adatsala mmodzi yekha amene amamudziwa munthu mpaka m'nyumba mwake. Ameneyu ndi Galu, yemwe kale adali mthenga wa mfumu Mphalapala, koma atatumidwa kumudzi tsiku lina sadabwererenso. Pusi adamupeza masana akununkhiza pa dzala kuseri kwa nyumba. Adakhala pa nthambi yotalikirapo, poti galu ndi galu, namugwetsera mazira awiri a nkhanga.

"Amalume, ndiuzeni. Munthu n'chiyani?"

Galu adali wokalamba. Adadya mazira aja mosafulumira, nanyambita pakamwa.

"Nguluwe ndi Njati amamuona munthu ali kutchire. Ine ndimamuona ali kwawo. Ndamuonapo akukana chakudya m'mimba mukulira, kuopa kuti apongozi amuyesa wosusuka. Ndamuonapo akupita kunkhondo mawondo akugundana, kuopa kuti akazi amuseka. Mimba ndi mantha zonse zimagonja kwa chinthu chimodzi, ndicho maso a anzake. Munthu ndi manyazi. Eni akewo amanena okha kuti kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu."

"Nanga mayi ameneyu akumufuniranji mwana wanga? Adye?"

"Sadya. Anabereka mwezi wathawu, mwana wamwamuna. Anakhala masiku atatu okha, n'kutsirizika asanatuluke m'chikuta, m'nyumba muja amabindikiramo mayi ndi khanda lake. Tsono kwa anthu akuno, mwana wotere sanafike pokhala munthu. Alibe dzina. Amati wangobwerera. Amakamuika akazi okhaokha, m'kadzenje kosaya, ndipo salira. Namkungwi wa mudzi uno, Nankhwazi, anamuuza kuti akagwetsa msozi ngakhale umodzi, mimba yake itsekeka mpaka kalekale. Ndiye sanalire. Ine ndinamuona tsiku lomwelo akusesa pakhomo."



"Mkaka wokha ndi umene sunamve lamulo," adapitiriza Galu. "Masana, anzake akakhala pamtondo, amatseka chitseko n'kumuyamwitsa mwana wako. Anthu akudziwa kuti akuweta kapusi, ndipo amangoseka. Za bere sakudziwa."

Pusi adamva zonse, ndipo kwa kanthawi mtima wake udafewa. Koma mutu wake udali utazolowera kutola chogwira ntchito n'kusiya zina. Adatola mawu omalizawo.

Galu adamuona m'maso. "Mayi, ndakuuza kuti munthu ndi manyazi. Sindinakuuze kuti ukoke."

Amalankhula ndi nthambi yopanda kanthu.

Mawa lake, dzuwa lili paliwombo, akazi adali pamtondo, Nankhwazi atakhala pa mkeka akupeta. Chitseko cha Nachisale chidali chotseka. Pusi adatsika pa denga la nkhokwe, natsomphola duku la pamutu pa namkungwi, imvi zonse n'kukhala pa mbalambanda. Kenaka adayamba kuthawa motsimphina, ngati wathyoka mwendo, duku likukwekwereka m'fumbi.

Pusi wotsimphina ndani angamusiye? Akazi adatola misi ndi zipande, namuthamangitsa. Iye amawasiya kuti ayandikire, n'kudumpha pang'ono, kuwasiyanso ayandikire, mpaka adafika nawo pakhomo pa Nachisale. Adakwera khoma, nalowa pa mpata wa pansi pa denga, duku nalisiya likulendewera kuti aone polowera. Akazi adakankha chitseko.

Nachisale adali pa mphasa, msana atatsamira khoma, kapusi kali pabere.

Pusi adali pa mtanda wa denga, atakonzeka kudumpha. Amayembekeza kuti mayiyo adzidzimuka, aponya mwana pansi, aphimba nkhope. Nachisale sadaponye. Adawayang'ana akazi aja, nakoka nsalu n'kufunditsa mutu wa mwana monga amachitira mayi aliyense alendo akalowa.

"Mwana wanga, ukuchita chiyani?" adafunsa Nankhwazi.

"Akuyamwa, amayi."

"Chinyama?"

"Ali ndi njala. Ine ndili ndi mkaka."

Wina kumbuyo adaphulika kuseka. Wina adati awa ndi malodza. Phokosolo lidadzutsa amuna omwe adali pa bawo, ndipo adabwera onse kudzasuzumira. Pakati pawo padali Chidzanja, mlongo wake wamkulu wa Nachisale, mwini mbumba. Ndinene zoona, Chidzanja sadali munthu wankhanza. Nyumba imeneyo adamufolerera mlongo wake ndi iyeyo, ndipo khanda lija litamwalira adakhala masiku awiri osadya, osauza munthu chifukwa chake.

Mnzake wa pa bawo adamugunda paphewa. "Chidzanja, tikuyamikire. Wodzalowa dzina lako wapezeka, koma ali ndi mchira."

Amuna adaseka mpaka kugwirana. Akazi nawonso adaseka. Chidzanja adayang'ana uku, nayang'ana uko, ndipo kulikonse adaona mano. Nkhope yake idasintha. Adawerama, nalowa m'nyumba.

"Bweretsa."

"Achimwene, ndikabweza kwa mayi wake. Lero lomwe, panopa."

"Ndati bweretsa."

Adamutanyula mlongo wake zala chimodzichimodzi. Pusi adadziponya kuchokera pa mtanda, namuluma pa mkono mpaka magazi, koma Chidzanja adangomukutumula, iye n'kukagwera kukhoma. Chidzanja adatuluka panja ndi kamwanako atakagwira miyendo. Pakhomo padali mtondo. Adamenyetsa kamodzi kokha.

Kuseka kudatha. Chidzanja adakaponya kamtembo kudzala, nabwerera.

"Nkhani yatha. Aliyense kwawo." Adatembenukira kuchitseko, koma m'nyumbamo sadayang'anemo. "Ndipo iwe, ndisamve kuti ukulira pusi."

Galu sadaname. Pogwirira padali pomwepo, ndipo Pusi adakoka bwino. Chomwe sadachiganizire n'choti munthu sakhala mmodzi. Adakoka mlongo, amene adagwedezeka ndi mchimwene.

Pusi adakatola mwana wake pa dzala, pakati pa phulusa ndi makoko a maungu. Galu adalipo, koma sadauwe. Adangogona pansi, mutu nauika pa miyendo.

Pusi ku bwalo la mfumu sadapitekonso. Adalowa m'thengo, nakhala pansi penipeni, pomwe pusi wamoyo sakhala. Amamupesa mwana ubweya, kumuchotsa phulusa m'makutu, kumuika pabere, mutu n'kumagwa. Anzake adabwera, naima patali, nabwerera.

M'mawa mwake adamva mapazi a munthu, koma sadathawe. Adali Nachisale, nkhwangwa paphewa, nkhata m'manja, poti kumudzi adatsanzika kuti akukatola nkhuni. Adaima chapatali, naika nkhwangwa pansi, nagwada monga amagwadira ofika pa siwa.

"Pepani, mayi."

Pusi adangopitiriza kupesa mwana wake.

"Dzina lake anali ndani?"

"Ife sititchana mayina. Timadziwana fungo."

"Ine ndinamutcha," adatero Nachisale. "Ndinali ndi dzina lomwe ndinasungira wanga uja, la malemu bambo anga. Linasowa pokhala, ndiye ndinapatsa uyu. Kamtedza."

Pusi adamuyang'ana mwana wake, ngati kuti dzinalo lingaoneke pathupi.

"Maliro ano ndi anu," adapitiriza mayiyo. "Ine ndine mlendo. Mundilole ndilire nawo."

"Nanga mimba yako? Si anati itsekeka?"

"Ikatsekeka itsekeke."

Apa Pusi adaulula. "Uyambe wadziwa ichi. Duku lija ndinalilowetsa dala. Akazi aja ndinawabweretsa ndine. Ndimafuna uchite manyazi."

"Ndinakuonani pa mtanda."

"Ndiye ukugwadiranji?"

"Amene anamutola ndine. Munandipempha pa chitsime, ndinakana." Adapukusa mutu. "Kwathu pamaliro sitiweruza milandu, mayi. Timayamba talira."

Pusi adadzuka, nayenda ndi miyendo itatu mpaka pomwe adagwada munthuyo, namuika mwana pa miyendo yake.

"Lira."

Abale anga, ine maliro ndapitako ambiri, koma amati kulira kumeneko kudali kwina. Kudayamba ngati kutsokomola, chifukwa kudali kutakhalitsa m'kati. Kenaka kudatseguka. Amaitana Kamtedza, Kamtedza, ndipo Pusi adazindikira msanga kuti dzina ndi limodzi koma oitanidwa ndi awiri. Amalira za ubweya wofewa, n'kulira za tsitsi lomwe sadalimete. Amalira za masiku atatu a m'chikuta, za tizala tomwe adatiwerenga kamodzi, za kadzenje kosaya komwe adamuletsa kucheukira. Adalira mpaka mawu adatha, n'kumangogwedezeka. Pusi adakhala pambali pake, phewa litakhudza phewa, ndipo mkaka umadontha kwa onse awiri.

Dzuwa litakwera, Nachisale adapuma mozama. Adamasula nsalu yomwe amaberekera ija.

"Tiyeni timuike. Ndikumba ndi nkhwangwayi, ndikumba lakuya."

Pusi adatambasula manja, namutenga mwana wake. "Ayi. Inu mumafulumira kukwirira, ndiye zimakakuolerani m'kati. Ine ndimunyamula mpaka manja anga avomere okha."

Nachisale sadatsutse. Adadzuka, natola nkhuni zingapo kuti asabwerere chimanjamanja, nazimanga kamtolo. Adapukuta nkhope ndi nsonga ya nsalu, napukutanso. Atasenza mtolo adaima, nafunsa motsitsa mawu.

"Maso angawa akuoneka kuti ndalira?"

Pusi adamuyang'ana. Adali ofiira, otupa, oti ngakhale wakhungu akadadziwa.

"Akuoneka. Thyola kanthambi ka nkhadze ako, uike pamwamba pa mtolo. Akakufunsa, ukati utomoni wakugwera m'maso."

Mayiyo adathyola nkhadze, naika pamwamba pa nkhuni, nawomba m'manja kuthokoza. Adalowa njira ya kumudzi akuyeserera kuyenda ngati munthu amene wangochokera kunkhuni. Bodza limeneli ndi lomaliza lomwe Pusi adapeka, ndipo lidagwira ntchito. Kumudzi adamuseka Nachisale kuti mkazi wamkulu sadziwa nkhadze, namupatsa madzi oti asambe m'maso.

Pusi adayenda naye mwana wake pamimba masiku ambiri, akukwera naye, akutsika naye, mpaka adauma n'kupepuka. Ana ake aakazi adatengera, ndi zidzukulu zomwe. Ukadzakumana ndi pusi atafungatira kamwana kouma, usadzamuseke kuti sadziwa imfa. Akuidziwa, ali pamaliro.

Yanga yathera pamenepa. Mbatata ya pamoto aphule amene ali ndi njala.